Chikomekome cha Mkuyu pa Khonde la M'mwamba

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri timaumva mwambiwu ngati chenjezo loti chokongola chilichonse n'chachinyengo, komatu akuluakulu amene anaupeka sankadana ndi nkhuyu. Ankazidya, ndipo zidzukulu zawo zikudyabe. Mwana wokulira m'mbali mwa mtsinje wa Nyimba, kapena m'madambo a ku Petauke kumene mikuyu imatambalala, amaphunzira msanga kuti nkhuyu yakupsa saiponya m'kamwa yathunthu. Amaing'amba pakati ndi zala, n'kusuzumiramo, n'kuuzira tizilombo, kenako n'kudya. Nzeru ya mwambiwu yagona pa kung'ambako. Maso amathera pa khungu, ndipo wofuna kusankha bwino amazolowera kufufuza zam'kati dzanja lisanapite kukamwa.

Nzeru imeneyi ndikufuna kuiyesa pa nkhani imene ena angaiyese yopepuka: kusankha duwa la rozi loti likhale m'chidebe, pa khonde la nyumba yosanja, pamene mphepo siipuma.

Ku Petauke ndi ku Nyimba nyumba zambiri zimakhala pansi, khonde n'kuyang'anizana ndi bwalo, nkhokwe ndi mtengo wa mango. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Basi ikanyamuka ku Petauke m'mamawa imaima pa Nyimba, pomwe amayi amatukulira nthochi kumawindo, imakhotakhota m'mapiri a Kacholola, imawoloka mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, ndipo ikatha makilomita pafupifupi 400 imakatula anthu mu Lusaka. Ena mwa iwo, aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi, amakapeza malo m'mafulati a ku Kabwata kapena m'nyumba zina zosanja za mumzindamo. Munthu amene kwawo anali ndi munda wa nshawa ndi dimba la matimati amatsala ndi kakhonde ka mamita awiri, kotchingidwa ndi zitsulo, kali m'malere. Dzanja lozolowera dothi silikhala phee. Limayamba ndi anyezi m'chitini, kenako repu m'thumba la simenti, mpaka tsiku lina mtima umafuna chinthu chosadyedwa, chongosangalatsa maso. Chilakolako chimenechi n'choyenera ulemu. Mayi amene amasesa bwalo mbandakucha n'kuzira khonde lake ndi dothi lofiira ndi lakuda amadziwa kale kuti kukongoletsa pakhomo ndi mbali ya umunthu.

Duwa la rozi limene ambiri timalidziwa ndi lija la pa ukwati ndi la pa 14 February, la phesi lalitali loongoka ndi duwa limodzi pansonga. Maluwa oterewa Zambia imalima ambiri. M'mafamu ozungulira Lusaka, monga Khal Amazi, amawalima m'nyumba za pulasitiki, n'kuwadula, n'kuwasunga m'zipinda zozizira, n'kuwakweza ndege kupita kumisika ya ku Ulaya, makamaka ku Netherlands. Bungwe la Zambia Export Growers Association lakhala likuthandiza alimi pa malonda amenewa kuyambira 1984. Ndi ntchito yabwino, ndipo imadyetsa mabanja ambiri. Koma tiyeni tiing'ambe nkhuyuyi. Mitundu ya m'mafamuyi anaisankha kuti ikhale ndi phesi lalitali, ipirire ulendo wa pandege, ndiponso ikhalitse m'botolo la madzi. Chibzalidwire chake sinakumanepo ndi mphepo. Madzi ndi feteleza zimaipeza pamuzu penipeni kudzera m'timapaipi todontheza, ndipo mankhwala amapoperedwa kachilombo kasanaswane. Munthu akalandira mtolo wa maluwa otere, n'kuzika phesi limodzi m'chidebe pa nsanja yachinayi, nthawi zina limaphuka timasamba ndipo mtima umadumpha. Mwezi wa Ogasiti ukafika, chomeracho chimaulula kuti malo amenewo si ake.

N'chimodzimodzi ndi mitundu ikuluikulu ya m'minda yamaluwa, imene mbiri yake imayambira pa La France, duwa limene Jean-Baptiste Guillot anatulutsa ku France mu 1867, n'kudzafika pa Peace, duwa lotchuka la Francis Meilland limene linapatsidwa dzinali mu 1945. Kukongola kwake palibe angatsutse. Koma imatalika kupitirira mita, nthambi zake n'zowerengeka, duwa lake n'lolemera, ndipo mizu yake imafuna kuzama kumene chidebe sichingapereke.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuidziwa mphepo imene tikulimbana nayo. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, youma ndiponso yafumbi. Pansi imapunthwa pa mitengo, mipanda ndi nyumba, choncho imafika pakhomo itatopa. Munthu akamakwera m'mwamba zopunthwitsazo zimachepa, liwiro n'kumakula. Ikagunda khoma la nyumba yaitali, monga Findeco House ya nsanja 23 pa msewu wa Cairo, imapanikizika m'makona n'kuthamanga koposa. Ndipo liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi.

Chomera chili m'chidebe mphepo imachipweteka m'njira zingapo. Koyamba, masamba ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene amapumira, ndipo mphepo youma imayamwa chinyezi pa timabowoto msanga kuposa mmene mizu ingabwezerere. Chomera cha m'munda chimatumiza mizu pansi kukasaka madzi, pamene cha m'chidebe chili ndi okhawo amene mwini anathira. Kachiwiri, phesi lalitali likamagwedezeka usana ndi usiku, tsinde limadzikumbira kadzenje, ndipo timizu tatsitsi timene timamwa madzi timaduka. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Masamba amafota dothi lili lonyowa, mwini amayesa ludzu n'kuwonjezera madzi, mizu yotsala n'kuwola. Kachitatu, nthambi zikamakwapulana, minga ya duwalo imang'amba masamba ake omwe. Mphepo ikangoleka, dzuwa la Okutobala limalowa m'malo mwake, chidebe chakuda chimatentha mpaka kupsereza mizu, ndipo akangaude ofiira, omwe aja amene amavutitsa alimi a matimati m'madimba, amamanga ulusi wawo kunsi kwa masamba.

Mlimi wa nthochi wa ku Nyimba sangadabwe nazo zonsezi. Nthochi zake amabzala m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje, pobisika. Mkoko ukalemera amauchirikiza ndi mphanda, ndipo amadziwa kuti pa chimphepo mitundu yaitali ndiyo imayamba kugona, yaifupi n'kutsala chilili. Mlimi wa nshawa wa ku Petauke naye ali ndi phunziro lake. Nshawa ya mtundu wa Chalimbana imayanga pansi, ndipo kaduwa kake kachikasu kakatha ntchito, kamphukira kamawerama n'kulowa m'dothi kukabereka kumeneko, mphepo n'kumangodutsa pamwamba. Akatswiri a zaulimi anafika pa mfundo yomweyi atayenda njira yaitali. Tirigu ndi mpunga wamapesi aatali, akauthira feteleza, unkalemedwa ndi ngala zake n'kugwa. Norman Borlaug, akugwira ntchito ku Mexico, anakwatitsa tirigu wake ndi mtundu waufupi wa ku Japan wotchedwa Norin 10, ndipo ku Philippines mu 1966 kunatuluka mpunga waufupi wa IR8. Mbewu zofupikazi zinasenza ngala zolemera osagwa, zinadyetsa anthu miyandamiyanda, ndipo mu 1970 Borlaug analandira mphoto ya Nobel. Kufupika kwa mbewu ndi mphamvu imene ikanathera m'phesi, koma yapita ku zipatso. Mwana wa ku Petauke amene ali pa khonde la ku Kabwata nzeru imeneyi anabwera nayo kuchokera kwawo. Chomwe chimafunika n'kuikhulupirira pamene duwa lalitali lamukopa maso.

Maluwa a rozi aafupi alipo, ndipo ena mwa iwo mbiri yawo inayambira pawindo. Cha m'ma 1917 msilikali wina wa ku Switzerland, dzina lake Roulet, anaona timaluwa ta rozi tating'onoting'ono tikukula m'miphika pa mawindo a nyumba m'mudzi wina wa kumapiri. Anauza mnzake Henri Correvon, katswiri wa zomera wa ku Geneva, amene anatichulukitsa n'kutitcha Rouletii. Kuchokera pa kamtunduka, Jan de Vink wa ku Netherlands, Pedro Dot wa ku Spain, ndipo pambuyo pake Ralph Moore wa ku California, anatulutsa mitundu yambiri ya timaluwa tosapitirira bondo. Mphepo imasowa pogwira pa timitengo totere. Vuto lake n'lakuti kawirikawiri timagulitsidwa m'timiphika tating'ono timene timauma pa maola ochepa, choncho tikangofika pakhomo tisamutsidwire m'chidebe chachikulu.

Palinso mitundu yoyanga. The Fairy, imene banja la Bentall linatulutsa ku England mu 1932, imakula pafupifupi masentimita 60 n'kutambalala m'mbali, ndipo imabereka timaluwa tapinki m'magulumagulu kwa miyezi yambiri. Fungo ili nalo lochepa, ndipo padzuwa loswa mtengo mtundu wake umasuluka, koma mphepo ikathothola duwa limodzi pa nthambi pamatsala enanso ambiri. Flower Carpet, imene Werner Noack wa ku Germany anatulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ili ndi masamba ang'onoang'ono onyezimira amene sagwidwa matenda wamba. Iceberg yoyera, ya Reimer Kordes ya mu 1958, yafala kwambiri kum'mwera kwa Africa chifukwa cha kupirira kwake, koma imapitirira mita, choncho pa khonde la m'mwamba imafuna chidebe chachikulu, malo a kukhoma ndi kudulira mosanyengerera.

Malangizo nawonso ali ndi chikomekome chawo. Mabuku ambiri a zamaluwa analembedwa kumayiko ozizira, kumene duwa amalitcha lolimba likapulumuka chipale. Amatamanda Rosa rugosa, mtundu wa m'magombe a mchenga a ku Japan ndi Korea umene umanyoza mphepo ya kunyanja, ndipo n'zoona. Koma mtunduwu ndi wa kozizira, ndipo kutentha kwa kuno kumaufooketsa. Kulimba kumene ife tikufuna n'kwina: kupirira mphepo youma ya Ogasiti, ng'anjo ya Okutobala, ndi madontho akuda amene amagwira masamba mvula ikakhazikika mu Januwale. Pa ichi ndi bwino kumvera amene analima pansi pa dzuwa longa lathu, monga Ludwig Taschner amene anayamba kulima maluwa a rozi pafupi ndi Pretoria mu 1971, kusiyana ndi kutengeka ndi chithunzi cha pa foni chojambulidwa m'chilimwe cha ku Ulaya.

Tsono nkhuyu ya rozi imang'ambidwa bwanji? M'mbali mwa misewu ya Lusaka muli anthu ogulitsa mbande m'timatumba takuda, ndipo mwachibadwa diso limathamangira pa imene yachita maluwa. Duwalo lisiyeni kaye, yambani pansi. Mbande yabwino imakhala ndi nthambi zitatu kapena kuposa zochokera patsinde, masamba ake oyandikana, okhuthala ndi onyezimira. Tembenuzani tsamba muone kunsi ngati kuli ulusi, timadontho kapena nsabwe. Gwedezani tsinde pang'ono. Likamayenda m'dothimo, ndiye kuti langoikidwa kumene ndipo silinagwire. Nyamulani kathumbako. Timizu toyera tosuzumira m'mabowo ndi chizindikiro chabwino, koma muzu waukulu umene waboola n'kulowa pansi udzaduka pochotsa. Kenako funsani mwaulemu: "Amayi, mtundu umenewu umakula kufika pati? Munachita kumezanitsa, kapena munangozika nthambi?" Funsoli lili ndi ntchito. Mtundu womezanitsidwa ukathyokera pa mfundo yolumikizira, chimene chimaphuka ndi tsinde lakuthengo limene linali pansi. Wochita kuzika nthambi, ngakhale uthyoke mpaka pansi, umaphukanso mtundu womwewo.

Chidebe chikhale cha malita 20 kapena kuposa, chotambalala kunsi kuti chisagubuduke. Chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa pamwamba, chotsukidwa bwino ndi kuboola kunsi, chimagwira ntchito, ndipo choyera kapena chachikasu chimaposa chakuda pa kutentha. Dothi la pamwamba lisakanizidwe ndi manyowa a ng'ombe owolerana ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo pamwamba pake pafunditsidwe makoko a nshawa kapena masamba ouma a nthochi, zinthu zimene wochokera kumudzi angabwere nazo m'kathumba. Chidebe chotere chikanyowa chimalemera makilogalamu oposa 20. Chikhale pansi, chakukhoma, chomangidwa ndi waya, osati pamwamba pa zitsulo, pakuti kunsiko kumadutsa ana a eni. Potchinga mphepo, mphasa ya bango imaposa thabwa kapena lata. Chotchinga chogontha mphepo imachilumpha n'kugwera kuseri mozungulira, kapena imachizula, pamene mphasa imailola kudutsa m'mipata itathyoka mphamvu. Duwa la rozi limafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi, ndipo la m'mawa ndilo labwino. Kuthirira kukhale kwa m'mawa, kokwanira mpaka madzi atulukire kunsi, ndipo chala cholowetsedwa m'dothi ndicho chiweruze ngati pakufunika enanso. Mu Julayi, kukamazizira, nthambi zidulidwe kuti chitsamba chikumane ndi mphepo chili chofupika.

Nkhani ya madzi siingadutsidwe mwachisawawa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, chimanga cha m'mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitawonongeka. Nyanja ya Kariba inatsika, magetsi anayamba kuzima maola ambiri patsiku, mapampu anaima, ndipo okhala m'nyumba zosanja anasenza zigubu pamasitepe. Kumudzi abale anali kuyang'ana minda yopserera. M'chaka chotere munthu wa chikumbumtima amadzifunsa ngati n'koyenera kupatsa duwa madzi. Ine ndimati n'koyenera, malinga ngati duwalo linasankhidwa modziwa kuti madzi ndi a mtengo wapatali. Kachitsamba kakafupi, kofunditsidwa bwino, kamakhutira ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba. A sopo wochapira okha ndiwo osayenera, chifukwa mchere wake umaunjikana m'chidebe. Duwa lalitali laludzu m'chaka cha chilala limapikisana ndi mphika wa nsima, ndipo mpikisano umenewo unayamba tsiku logula.

Zonsezi sizithera mu Lusaka. Pa boma la Petauke ndi pa Nyimba pali aphunzitsi, anamwino ndi apolisi okhala m'nyumba za lendi, amene kalata yowasamutsa ingawapeze tsiku lililonse. Ambiri a iwo amabzala m'zidebe kuti posamuka maluwa akwere nawo lole. Pansi pamakhalanso mbuzi, nkhuku ndi chiswe, choncho chidebe chokwezedwa pa njerwa pakhonde chimapulumutsa zambiri. Mphepo ya Ogasiti imawapeza nawonso, pamodzi ndi akamvuluvulu a m'chilimwe. Nyimba ili mmunsi kuposa Petauke, chakufupi ndi chigwa cha Luangwa, ndipo mu Okutobala, mwezi umene Ansenga amasonkhana kwa Mfumu Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, kutentha kumafika pachimake. Nthawi imeneyo chidebe chimafuna kusunthidwa kuti dzuwa la masana lisachipeze. Mitundu yaifupi yomwe ija ndiyo imatha kunyamulika, kusunthika ndi kupirira.

Ankhoswe akamalangiza mnyamata amene wasokonezeka mutu ndi nkhope, funso lawo limakhala lakuti munthuyo amatani nkhokwe ikatha, kapena matenda akalowa m'nyumba. Funso lake ndi lomweli limene tikufunsa duwa: mphepo ikadzabwera udzatani? Chizolowezi chofunsa chonchi chimaphunziridwa pa zinthu zazing'ono. Amene wazolowera kutembenuza tsamba asanagule mbande sadzafulumira kusaina ngongole chifukwa cha mawu okoma, kapena kubzala mbewu chifukwa cha chithunzi cha pa thumba. N'chifukwa chake nkhani ya duwa m'chidebe sindiiyesa yopepuka.

Safunsa adadya phula. Duwa lodalirika koposa onse ndi limene lili kale pa khonde la mnansi, limene laona Ogasiti kangapo n'kukhalabe moyo. Mwina dzina lake la ku Ulaya linaiwalika kalekale, koma umboni wake uli poyera. Gogodani, perekani moni, nenani kuti, "Amayi, maluwa anuwa ndawasirira, mungandigawireko kanthambi?" Kawirikawiri wolima maluwa samana, ndipo pamodzi ndi nthambiyo adzakuuzani mbali imene mphepo imalowera m'nyumba imeneyo, chinthu chimene buku lililonse silingadziwe. Nthambi ikhale ya masentimita 15 mpaka 20, yochokera pamene duwa langofota kumene. Chotsani masamba a mmunsi, izikeni mumchenga wonyowa pamthunzi, ndipo pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu imakhala itatulutsa mizu.

Nanunso duwa lanu likadzapulumuka nyengo ziwiri kapena zitatu, musadzalisunge nokha. Dulani nthambi mugawire wa nsanja ya pamwamba, tumizani ina pa basi kwa achemwali ku Petauke, ndipo pogawapo nenani kumene linakhala, dzuwa limene linkalandira ndi madzi amene linkamwa. Mndandanda wa maluwa a rozi oyenera mphepo yathu ndi kutentha kwathu palibe wa kunja amene adzatilembere. Tidzaupanga tokha, khonde ndi khonde, pogawana zimene zapirira ndi kuuzana zoona za zimene zinafa.